Muyezeni Ataima

4 Malichi

Achimwene,

Moni kumeneko. Ine ndili bwino, kaya inu ndi utuchi wanuwo. Za malonda sindifunsa, chifukwa munthu wokhoma mabokosi a maliro akati malonda ali bwino ndiye kuti kwa anzake kuli misozi. Ndikanaimba foni, koma makina ochekera matabwa anakudyerani makutu, ndipo ine sindikufuna kukuwa pamsewu ngati ndapenga. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa.

Mwana wanu Kamsomali watuluka m'chipatala, ali kuno kwanga. Dzinali limandiseketsa mpaka lero. Munampatsa ali kamwana, akukhala pansi pa benchi lanu kuwongola misomali yopindika, osadziwa kuti tsiku lina nayenso adzawongoledwa. Opaleshoni yayenda bwino. Msana uja unakhota ngati chikwakwa auwongola, aikamo zitsulo ziwiri zazitali, kuno ndi kuno, zogwidwa ndi timisomali topota. Atandionetsa chithunzi cha mafupa ndinati, "Adokotala, mwanayu mwamusokerera zipi kumsana." Anaseka, nati sindinaname.

Koma atichenjeza kuti ntchito sinathe. Zitsulo zimangogwirizira. Chofunika n'chakuti mafupawo alumikizane okha, ndipo zimenezo zimatenga miyezi yambiri. Akuti pamene pali zitsulo sipavuta kwenikweni. Poopsa ndi pamwamba pake, munsi mwa khosi, pamene zitsulo zathera. Akamakhala chozyolika, msana ungayambe kukhotera pamenepo, ndiye kuti kubwereranso ku mpeni. Choncho asawerame, asanyamule zolemera, asapotoze chiuno. Podzuka pabedi azigubuduka thupi lonse pamodzi ngati chipika. Ampatsanso chovala cholimba cha pulasitiki, chomanga kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno. Ife tikuchitcha chigoba, ndipo akavala amaoneka ngati kamba wodzikuza. Amayi a mafizo, amene akumuphunzitsa kuyenda, anenetsa kuti aziyenda tsiku ndi tsiku, chifukwa kugona tsiku lonse si kuchira.

Vuto ndi nyumba yangayi. Sindinkadziwa kuti dziko lonse analipangira anthu owerama. Bedi lili pansi, beseni lili pansi, mpando wanga wa khushoni ukakhalapo umamira mpaka mawondo kufika pachibwano. Dzulo sopo anagwa m'bafa, mwana anangoima n'kumamuyang'ana ngati wagwera m'chitsime. Akafuna kuwerenga ndimamugwirira buku m'mwamba kuti asazyolike, ndipo mikono yanga yayamba kundida.

Amafunsa za inu m'mawa uliwonse. Mubwera liti? Ngati simubwera, lembani, koma musalembe ngati mawu amakuthawani.

Ndine mlongo wanu,
Telala wosagona pa makina

11 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndili bwino. Kalata ndalandira, ndawerenga mobwereza. Zikomo pondisungira mwana.

Kubwera sindingathe panopa, ntchito yandigwira.

Nditumizireni muyeso wa mwana, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndiponso m'lifupi mwa mapewa. Matabwa ndagula kale, abwino, osati aja ndimapangira aliyense.

Musamuuze.

Ndine mlongo wanu

14 Malichi

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero, koma lero sukuyenera moni wanga. Ulemu wa "inu" ndausungira tsiku lina.

Magalasi anga ndinawakhalira sabata yatha, ndiye kalata yako itafika ndinapatsa mwana kuti andiwerengere. Anatsegula akumwetulira, nati, "Lero bambo alemba mizere yambiri." Anawerenga mokweza mpaka pa matabwa. Pamenepo mawu anayamba kuchepa. "Musamuuze" anawerenga monong'ona. Kenako anapinda kalata bwinobwino, n'kundipatsa, nati, "Azakhali, tepi ili pakhosi panupo."

Kodi ukudziwa chimene unalemba? Kumutu mpaka kuphazi, ndi m'lifupi mwa mapewa. Amenewa ndi mawu amene umafunsa anamfedwa akabwera ku shopu kwako. Mwanayu anakulira pansi pa benchi lako, amawadziwa ngati dzina lake. Anawamvanso tsiku limene mayi ake anatisiya.

Tsopano akuti pali chimene tikumubisira. Akuti tsiku lija opaleshoni isanachitike, iwe unakhalitsa m'chipinda cha adokotala, n'kutuluka maso ali pansi. Ndamuuza kuti bambo ako maso awo amakhala pansi ngakhale pa ukwati. Ndamuuza kuti mchimwene wanga ndi munthu wabwino amene pakamwa pake panakhomedwa ndi misomali yake yomwe. Wandiyankha funso limodzi lokha: "Nanga matabwawo ndi a chiyani?" Inenso sindikudziwa.

Chigoba wavula. Kuyenda wasiya. Mwana amene ankafika pa golosale ya pakona n'kubwerera akudzitama, tsopano amangogona, mapilo ataunjika kumutu, chibwano chili pachifuwa, mmene anatiletsera ndendende. Ndikamudzutsa amati mawa. Sindingamukoke, ndimaopa kumugwira molakwika. Ndakalipa, ndanyengerera, ndaphika zimene amakonda, koma ndikungotunga madzi ndi dengu.

Mtima wanga ukukana kuti ungachite zimene mwanayu akuganiza. Komabe ngati adokotala anakuuza kanthu kamene ine sindinamve, undiuze ine, usandiuze ndi matabwa. Muyeso sinditumiza. Ndayeza akwati, ndayeza ana a sukulu, koma mwana wa mlongo wanga sindimuyeza mwa mtundu umenewo.

Yankha ndi basi yomweyi.

Mlongo wako, amene wakwiya

22 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndili bwino. Yankho lanu sindinalandire, mwina mwatanganidwa.

Sindinathe kudikira. Ndatenga muyeso wakale wa pa felemu ya chitseko, pamene ndinkamulemba ndi pensulo chaka ndi chaka. Ndayamba kucheka. Ndikufuna zonse zikhale zokonzeka tsiku lisanafike.

Ngati muli ndi nsalu yabwino yokutira, tumizani. Inu mukudziwa mtundu umene iye amakonda.

Mwana akudya?

Ndine mlongo wanu

25 Malichi

Bambo,

Moni, muli bwanji? Chifuwa chija chinasiya? Muzivala kansalu pamphuno mukamapala matabwa, mumaiwala dala.

Kalata yanu yachiwiri ndalandira ndine, chifukwa azakhali anali kokapereka madiresi. Musawakwiyire. Iwo akuyesetsa, ndipo akhala akukuikirani kumbuyo ngakhale akukutukwanani.

Muyeso wa pachitseko musaugwiritse ntchito, Bambo, lidzachepa. Ndatalika. Atandiwongola msana, utali umene unkabisala m'kukhota kuja unatulukira. Tsiku loyamba kuima ndinachita chizungulire, pansi panaoneka patali. Azakhali ndikuwaona pamutu tsopano, ali ndi imvi zimene amazibisa kutsogolo kokha.

Iwo akana kundiyeza, ndiye ndadziyeza ndekha nditagona. Ndatenga ulusi wawo wolimba uja, mbali imodzi ndinapana ndi zala zakuphazi, inayo ndinadulira pamutu. Ndaukulunga pa kapepala, uli m'envulopumu. Mapewa mukuwadziwa, koma tsopano ndi ofanana, lamanja silikukweranso. Nsalu ndimakonda yachikasu.

Sindikukwiyirani. Ndikudziwa kuti inu mukakonda munthu simulankhula, mumatenga macheka. Ndinakuonani tsiku lija mukuyeza amayi. Munkaganiza kuti ndili panja, koma ndinali kuseri kwa chitseko. Tepi ikawakhudza paphewa munkati "pepa", ikawakhudza kuphazi munkati "pepa". Bokosi lawo simunalole munthu wina kuligwira. Ndiye ndikamva kuti mwagula matabwa abwino, ndikudziwa kuti ndi chikondi.

Chigoba ndasiya kuvala. Chimatentha, chimandikhula m'khwapa, ndipo sindikuona chifukwa chovutikira nacho. Amayi a mafizo akuti fupa limafuna miyezi yambiri. Ngati miyeziyo ndilibe, bola ndigone bwino.

Mantha ndili nawo, sindinama. Koma chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti simunandione nditawongoka. Zaka zonsezi mwakhala mukundiona nditapendekeka, mukundipindira malaya mbali imodzi kuti anthu asazindikire. Ndinkafuna tsiku lina ndilowe m'shopu nditaima chilili, inu mundifunse kuti, "Mayi, tikuthandizeni chiyani?"

Ndine mwana wanu,
Kamsomali

Iwe, ndine mlongo wako, ndikuwonjezera pansi pano. Mwana wandiletsa kuwerenga zimene walemba, ndipo popanda magalasi sindikanatha. Kodi kalata yanga ija unalandira? Dzulo amayi a mafizo anabwera okha kunyumba ataona kuti sitikupita. Anamuimiritsa, n'kumuyang'ana cham'mbali, nkhope yawo inasintha. Akuti mutu wayamba kutsamira kutsogolo. Kumayambiriro kwa mwezi wamawa akamujambulanso mafupa. Akapitiriza chonchi, zonse zimene mwanayu wapirira zipita pachabe.

28 Malichi

Mwana wanga Kamsomali,

Moni. Chifuwa chinasiya. Kansalu ndikuvala, nthawi zina.

Makalata awiri afika pamodzi dzulo, yako ndi ya azakhali ako ija. Adalaivala anaiiwala m'thumba la jekete, jeketelo n'kutsala ku galaja. Apepesa. Ine ndilibe wondipepesera, chifukwa wolakwa wamkulu ndine.

Sindikupanga bokosi. Werenganso mzere umenewu. Sindikupanga bokosi.

Azakhali ako analemba kuti dziko lonse analipangira anthu owerama. Ndinaima pakati pa nyumba yathu n'kuyang'ana, ndinaona kuti akunena zoona. Dziko sindingalikonze, koma nyumba ndingathe. Ndayamba ndi bedi lalitali, loti uzingokhala n'kugubuduka popanda kudzigwetsa. Ndapanga mpando wa msana wowongoka, wokhala ndi pogwira podzuka, ndipo n'chifukwa chake ndinafunsa mapewa. Nsalu ndi ya mpandowo. Beseni ndalipangira miyendo. Mashelefu apansi ndawakweza. Pali kathabwa koimikapo buku kuti lizikuyang'ana m'maso, azakhali ako apumitse mikono. Palinso ndodo yokhala ndi kukamwa, ukafinya kuno imaluma uko, ya sopo akagwa. Ndayesera pa supuni, pa sokosi ndi pa mchira wa mphaka. Mphaka sanakondwe.

Tsiku limene ndinanena ndi tsiku lobwera iwe kunyumba. Ndinati asakuuze chifukwa ndinkafuna udzadabwe. Wadabwadi, koma si mmene ndinkafunira.

Mawu aja, kumutu mpaka kuphazi, ndi amene ndakhala ndikulemba moyo wanga wonse. Ndikafuna muyeso wa munthu dzanja limalemba lokha. Sindinawamve mmene akumvekera mpaka nditawawerenga m'kalata ya azakhali ako. Ndinatseka shopu.

Za m'chipinda cha adokotala, palibe chobisika. Ndinakhalitsa chifukwa ankabwereza chilichonse kuti ndimve, ndipo ngakhale choncho ndinamva theka. Ndinatuluka maso ali pansi chifukwa ndinkachita manyazi kuti mwana wanga akukalowa ku mpeni, ine ndangogwedeza mutu ngati mbuzi. Anandiuza kuti udzakalamba. Mawu amenewo ndinawamva bwino, chifukwa ndinawapempha kuti abwereze.

Ulusi wako ndinauika pa felemu ya chitseko. Wapitirira mzere womaliza ndi zala zitatu. Ndinakhala pansi pa utuchi, ndipo sindikuuza zimene ndinachita. Zonse zimene ndacheka zafupika, ndipo sindinakondwerepo chonchi ndi ntchito yolakwika. Koma ulusiwo sindiugwiritsa ntchito. Muyeso wa anthu ogona ndili nawo wokwanira. Wako ndikuufuna utaima: kuyambira pansi mpaka kuseri kwa bondo, mpaka pachigongono, mpaka m'maso.

Ukukumbukira zimene ndinkakuuza za msomali wowongola? Umalowa bwinobwino ngati watsopano, koma poyamba umafuna kuugwira ndi zala mpaka utazika. Ukausiya msanga umapindikanso. Chigoba chako ndi zala zimenezo. Chikutentha, ndikudziwa. Uzivala basi.

Kalatayi sindinapatsire adalaivala, sindikuwakhulupiriranso, ndiponso sindikukhulupirira pakamwa panga. Ndabwera nayo ndekha. Ndailowetsa pansi pa chitseko, azakhali ako akutolera, iwe usawerame. Ine ndaima panja pano. Ukamaliza kuwerenga ugubuduke mmene anakuphunzitsira, uvale chigoba, udzanditsekulire wekha. Usafulumire, ndidikira. Tepi ndili nayo m'thumba.

Ndine bambo ako

9 Epulo

Achimwene,

Moni. Mwaona, "inu" wabwerera. Musamuzolowere.

Mwafika bwino? Ndodo yoluma ija mwatisiyira yasanduka mliri m'nyumba muno. Mwana akutola nayo chilichonse, ngakhale zimene sizinagwe. Dzulo wandilanda nayo duku kumutu ndili pa makina, kasitomala akuona.

Tinapita kukajambula. Ndinakhala pabenchi la kuchipatala kudikira. Adokotala anaika chithunzi chakale ndi chatsopano pamodzi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Akuti zitsulo zili m'malo mwake, ndipo pamwamba paja fupa silinakhote. Kutsamira kwa mutu kunali kwa minofu, imene inafooka ndi kugona. Akuti tinachita mwayi, ndipo mwayi woterewu sabwereza. Chigoba apitirize, kuyenda apitirize, mapilo achepe. Mwana anayankha yekha kuti, "Ndamva, adokotala. Kwathu akundikwezera nyumba." Iwo sanamvetse, ine sindinafotokoze.

Tsopano amayenda m'mawa ndi madzulo. Golosale ya pakona waipitirira, akufika mpaka pa malo okwerera basi, ndipo ndikuganiza kuti mukudziwa chimene amakayang'ana kumeneko. Amayi a mafizo akuti akapitiriza chonchi angathe kubwera kwanu mwezi wamawa, bola basi isakhale yodumphadumpha ndipo akhale kutsogolo. Nsalu yachikasu ndadula kale. Ndiisoka ndekha, inu mungaikhomere misomali.

Chinthu china. Tsiku lija pakhomo, ine ndinali kumbuyo kwake, manja ali okonzeka kumugwira akapepesuka. Sanapepesuke. Anatsegula chitseko, inu munayang'ana pamene munazolowera kupeza nkhope yake, n'kupeza khosi. Munachita kukweza maso. Mchimwene wanga, sindidzaiwala nkhope yanu. Munangotulutsa tepi n'kugwada pakhonde, anthu akudutsa mumsewu.

Koma mwina simukudziwa kuti pakamwa panu pankayenda. Tepi itamukhudza pabondo munati "pepa". Itamukhudza pachigongono munati "pepa". Pamenepo mwana analankhula, inu munangopitiriza kulemba manambala padzanja. Ndinadziwa kuti makutu aja akupusitsaninso, ndipo mawu amenewo si oti atayike. Ndiye ndikukulemberani. Anaika dzanja pamutu panu, osawerama, nati, "Bambo, musapepese. Ndili moyo."

Ndine mlongo wanu,
Telala

13 Epulo

Achemwali,

Moni. Ndili bwino.

Mawu amenewo ndinawamva.

Miyendo ya bedi ndawonjezera. Pensulo ndasongola, ili pa felemu. Abwere.

Ndine mlongo wanu